Chimene Achemwali Anga Anaponya pa Moto

Achemwali anga a Generosa amayenda ngati munthu amene wataya singano. Mukawaona akuchokera kumunda kuno ku Mualadzi, mutu uli pansi, maso ali pa zala za kumapazi, ndipo saponda pamene sipanapondedwe ndi munthu wina. Njira ikakhota iwonso amakhota, ngakhale nyumba ikuonekera apo. Ana amawaseka kuti akufuna bowa pamsewu. Ine sindiseka kwambiri, chifukwa ndikudziwa kumene mayendedwe amenewa anachokera, komanso chifukwa pa nkhani imene ndikufuna kunenayi dzanja langa lilipo.

Ine ndine Nikodemo, mlongo wawo wamng'ono, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Nkhondo itafika kwathu, a Generosa anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ine zinayi, ndipo ndi iwo amene anandibereka kumbuyo mpaka tinalowa m'Malawi. Tinakhala kumsasa wa othawa nkhondo zaka zisanu ndi ziwiri. Kumeneko n'kumene anaphunzira kuwerenga Chichewa, n'chifukwa chake Chipwitikizi chawo mpaka lero chimathera pa moni ndi mawu awiri otukwana amene sawanena chilowereni mpingo. Kumeneko n'kumenenso anadziwana ndi a Zakariya, munthu wamtali, wokonda kuseka, amene anadzakhala alamu anga titabwerera kuno.

Patapita zaka zingapo mtendere ulipo, a Zakariya anafuna kuswa mphanje kutsidya kwa khwawa. Amuna anakhala pansi n'kukambirana ngati kumeneko kuli mabomba okwiriridwa. Wina anati asilikali sanafikeko, wina anati anangodutsa, ndipo onse anamaliza ndi kunena kuti mwina kulibe kanthu. A Zakariya ananyamula nkhwangwa n'kupita. Achemwali anali kuyanika zovala pamene anamva kuphulika, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Kuyambira tsiku limenelo amaopa chilichonse chimene maso sangachione, ndipo munthu akayamba chiganizo ndi "mwina" amangomuyang'ana mpaka asiye.

Mwana amene anabadwa ndi Celeste. Achemwali analowa mpingo wa Ziyoni chaka chomwecho, n'kuyamba kuvala mkanjo woyera ndi chingwe chopemphereredwa m'chiuno. Ndinawasekapo kuti chingwe chawocho ndi chithumwa chabe chimene chinabatizidwa. Sanandiyankhulitse mwezi wathunthu, ndiye sindinabwerezenso.

Celeste anakula ali mwana wovuta. Sindikunena mwano ayi, ndikunena mafunso. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anaphwasula dinamo ya njinga ya munthu imene ndinkakonza, kuti aone pamene moto umabisala. Ndinamuthamangitsa ndi chubu mpaka kumsika, koma madzulo ake anabwera n'kuimanganso, ndipo inayaka. Anaphunzira kuno, kenako ku Chifunde, kenako ku Tete, ndipo tsiku lina anatiimbira telefoni kuti wakhoza mayeso olowera ku yunivesite yaikulu ya boma kumwera, mtunda wa masiku awiri pa mabasi amene kuno timati machimbombo, kuti akaphunzire Fizika. Achemwali anandifunsa kuti Fizika n'chiyani. Ine, wodziwa zonse uja, ndinawauza kuti ndi maphunziro a chifukwa chimene zinthu zimagwera pansi. Anati zimenezo ngakhale nkhuku zimadziwa, koma anavina tsiku limenelo mpaka fumbi kobo.

Kumeneko sikunali kosewera. Celeste ankatiuza akabwera kutchuthi kuti chaka choyamba ankakhala m'chipinda chimodzi anthu oposa mazana awiri, mphunzitsi akulemba pa bolodi ndi dzanja limodzi, linalo akufufuta. Iye ankakhala kumbuyo, osatsegula pakamwa, chifukwa ana a mumzinda ankaseka Chipwitikizi chake cha ku Tete. Mayeso oyamba analephera, ndipo analira m'chimbudzi kuti anzake asamuone. Koma amene ankamuseka aja anayamba kuthothoka mmodzimmodzi, ndipo pofika chaka chachinayi anatsala osakwana makumi awiri, akazi atatu okha. Iye analipo. Chaka chachitatu chili mkati anabwera kutchuthi ndi mnyamata dzina lake Hélio, mphunzitsi wa masamu wa ku Angónia, ndipo ine monga malume ndinakhala nkhoswe, zonse zinayenda mwa dongosolo.

Pa tchuthi chomwecho m'pamene Celeste analakwitsa kufotokozera amayi ake zimene ankaphunzira. Anati tsopano amagwira ntchito m'laboratoriyo, kuyeza cheza chosaoneka chimene chimatuluka mu tizitsulo tina, chonga chimene amajambulira mafupa kuchipatala. Anati chezacho sichinunkha, sichiotcha, sichimveka, koma chikachuluka chimawononga thupi m'kati, munthu n'kudzadwala patapita zaka.

Achemwali anasiya kusenda nyemba. "Ndiye ndinakulera kuti uzikasewera ndi abale ake a chimene chinapha bambo ako?"

"Amayi, n'zosiyana," Celeste anatero akuseka. "Tizitsuloto timakhala mumphika wa mtovu, timatigwira ndi mbaniro, ndipo pali malamulo. Mwina ndine wotetezeka kuposa amalume amene amakhala pamsewu."

Anali atanena mawu aja. Achemwali anatenga nyemba zawo n'kulowa m'nyumba.

Chaka chotsatira, nthawi yokolola chimanga, Celeste anangotulukira pa njinga yamoto osatiuza, maphunziro ali mkati. Anali ataonda, maso atalowa. Tikamufunsa ankati watopa chabe. Chakudya ankangochitosatosa, m'mawa ankasanza kuseri kwa nkhokwe, ndipo telefoni ikalira ankaizimitsa. Ine ndinaganiza kuti amuchotsa sukulu. Achemwali sanaganize kanthu, anangoyamba kumuzonda. Kawiri konse anamupeza atakhala kuseri kwa nkhokwe komweko, atatulutsa kanthu m'thumba la chovala chake choyera cha ku laboratoriyo, akukayang'ana misozi ili chuchuchu. Akamva mapazi ankakabisa msanga.

Lachinayi m'mawa Celeste anati akupita kukaona azakhali ake a Vaileti, alongo awo a malemu a Zakariya, amene amakhala kutsidya kwa msewu. Atangochoka, achemwali anatsegula chikwama chake. Pasanapite nthawi anali ataima pamaso panga pansi pa mango, atafumbata chinthu pa ngodya ya chitenje.

Kanali kanthu ka pulasitiki kakuda, kochepa kuposa bokosi la machesi, kotsekeka mbali zonse, kokhala ndi kopanira pa malaya. Pamwamba pake panali dzina la Celeste lonse lathunthu, ndi manambala pansi pake. Ndinakagwedeza pafupi ndi khutu, ndipo ndinamva ngati muli timiyala.

"Waona dzina?" achemwali anafunsa motsitsa mawu. "Munthu akafuna kumanga mnzake amalemba dzina. Anthu a kumeneko aona kuti mwana wa kumudzi wawapitirira."

"Achemwali, mwina n'za kusukulu. Dikirani mwini wake abwere mumufunse."

"Iwenso wayamba mwina? Womangidwa amateteza chimene chamumanga. Sunamuone mmene amakalirira? Kanthu ka kusukulu kangamusanzitse munthu m'mawa uliwonse?"

Apa ndiye pamene pali dzanja langa. Ndikanatha kukalanda n'kuika m'thumba mpaka Celeste abwere, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinali ndi gudumu la munthu m'manja, mwini wake ataima pambali akundifulumizitsa, komanso kunena zoona timiyala tija tinandiopsa inenso. Ndine wa mpingo wina, ndimaseka a Ziyoni ndi ng'oma zawo, koma ndinakulira momwemuno. Ndinawabwezera n'kunena kuti achite zimene akuona. Anapita kwa a Severino, mneneri wa mpingo wawo, popeza Lachinayi amayi amakumana kutchalitchi masana.

A Severino musawaganizire zoipa. Ndi mlimi wa chimanga ngati tonsefe, munthu wofatsa, amene anasala kudya masiku atatu pamene Celeste ankalemba mayeso olowera ku yunivesite. Zimene amachita ndi chithumwa chilichonse chimene munthu wabwera nacho n'zodziwika: amachipempherera, amachiwaza madzi, n'kuchitentha poyera masana, anthu onse akuona, kuti pasakhale wonena kuti mneneri wasunga mankhwala.

Dzuwa lili pamutu ndinaona Celeste akuthamanga kuchokera kunyumba, opanda nsapato, a Vaileti akumutsatira kutali akupuma movutikira.

"Amalume, amayi ali kuti? Atenga dozimetro yanga!"

Dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo, koma nkhope yake inandiuza zonse. Ndinalanda njinga imene ndinkakonza ija, ndinamukweza pa keliyala, n'kupalasa ngati wamisala. Ng'oma tinazimva tili kutali. Titakhota pa mtengo wa mkuyu tinaona amayi a mikanjo yoyera akuzungulira moto wa zitsononkho, ndi kautsi kakuda kakukwera pakati pawo. Fungo la pulasitiki linatipeza tisanatsike.

Celeste analumpha njinga isanaime. Anakankha amayi awiri, n'kupisa dzanja pamoto. Anatulutsa chinthu chosungunuka chimene chinamatirira ku zala zake, ndipo anakuwa m'Chipwitikizi mawu amene palibe anawamva. Ng'oma zinasiya. Achemwali anamugwira mapewa, nkhope yawo ili yowala ndi chisangalalo, akuti, "Chikutuluka! Mwana wanga, limba, chikutuluka!" Sindinaonepo chinthu choopsa ngati chisangalalo chimenecho.

A Vaileti anafika ali wefuwefu. Kwathu kuno mtsikana akatenga mimba yoyamba sanena ndi pakamwa pake kwa amayi ake. Amauza mayi wina wamkulu, ndipo amayi akuluakulu ndi amene amabwera pa tsiku lake, m'nyumba, amuna kulibe, kudzaulula ndi kulangiza. Celeste, ndi Fizika yake yonse, anasunga mwambo umenewu. Anakhala masiku asanu akusonkhanitsa mtima, ndipo m'mawa umenewo n'zimene anapitira kwa azakhali ake. Koma a Vaileti ataona zala zopsa zija anaiwala mwambo. Ananena pabwalo, pamaso pa a Severino ndi ine ndi ana amene ankaonerera.

"Mlamu, mwachita chiyani? Mwanayu sanalodzedwe. Ali ndi pakati."

Titamumanga zala kuchipatala, tinakhala pakhonde anthu anayi, ndipo Celeste anafotokoza akuyang'ana pansi. Lachisanu lina m'mawa anali yekha m'laboratoriyo, akuyeza tizitsulo tiwiri tofanana maonekedwe, kena kofooka, kena kamphamvu kwambiri. Atamaliza anabwezera kamodzi mumphika wa mtovu, mutu unamuzungulira pang'ono, anakhala pansi, ndipo kenako anaiwala kanzake. Kanatsala patebulo kuseri kwa mabuku, ndipo iye anakhala pomwepo akulemba kuyambira m'mawa mpaka masana, mimba itagunda tebulo. Atakaona anakaponya mumphika mwamantha osayang'ana nambala yake, ndipo sanauze munthu. Sabata yotsatira m'pamene anadziwa chifukwa chimene mutu unazungulirira.

"Ndawerengera kambirimbiri papepala," anatero. "Ngati kanali kofooka, palibe kanthu. Ngati kanali kamphamvu, sindikudziwa. Sindikukumbukira kuti kanali kati."

Dozimetro ija aliyense wogwira ntchito m'laboratoriyo amavala yake pa malaya, n'chifukwa chake inali ndi dzina. Timiyala ta m'kati timasunga cheza chonse chimene chafika pa thupi la munthuyo. Pakutha kwa mwezi amazitolera n'kukaziika m'makina, ndipo makinawo amanena nambala. Celeste akanangoipereka, akanadziwa. Koma kuipereka kunali kuulula kuti anaphwanya malamulo, komanso kumva yankho, ndipo yankho ndi limene ankaliopa kwambiri. Tsiku lotolera litayandikira anaiika m'thumba n'kukwera machimbombo kuthawira kwa amayi ake. Ndinamukwiyira, kunena zoona. Munthu wa zaka zinayi za ku yunivesite n'kuthawa nambala ngati mwana wothawa jakisoni! Koma nditayang'ana amene anamubereka ndinaona kumene anatengera mantha.

Achemwali sanalire. Anatenga chosungunuka chija, chimene anamwino anachichotsa ku zala za Celeste, n'kuchikulunga pa kansalu.

"Timiyalato tilimo," anatero. "Ndikutimva. Tipite nato kwa aphunzitsi ako akatiwerenge."

"Amayi, sizingatheke."

"Iwe unalephera kukumbukira nambala imodzi. Ndikamva kwa akuluakulu ako."

Munthu amene chichokereni ku Malawi anali asanapitirire Tete anakwera machimbombo ndi Celeste masiku awiri, kansalu kali pachifuwa. Ine ndinapita nawo chifukwa ndine malume, komanso chifukwa tulo sindinkatiwona. Njira yonse sanadye kanthu kupatula nthochi ziwiri. Mumzinda muja, pa simenti pamene pamaponda anthu zikwizikwi, ankayendabe maso ali pansi, akutsata mapazi a Hélio amene anabwera kudzatichingamira.

Yunivesite ija ndi mudzi pawokha. Nyumba zosanjikizana, achinyamata ali piringupiringu, ena atakhala pansi pa mitengo akukangana pa manambala ngati mlandu wa malire a munda. Ine ndi jekete langa la kutchalitchi ndinadziona kuchepa. Anatilowetsa m'kachipinda kodzaza mapepala, mmene munali Dotora Anastácia, mphunzitsi wamkulu wa laboratoriyo, mayi wamfupi wa imvi ndi magalasi. Pakhomo loyandikana nako panali chizindikiro chachikasu, ndipo achemwali anasuntha mpando wawo kutali ndi khoma limenelo asanauzidwe kuti n'chiyani.

Celeste anaulula zonse m'Chipwitikizi. Dotora anamukalipira, ndipo ngakhale achemwali, amene sanamve mawu, anamva kukalipako. Kenako achemwali anagwada, mmene amachitira kwa munthu wamkulu, anamasula kansalu, n'kuika chosungunuka chija patebulo ndi manja awiri. Dotora anachiyang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi. Panalibe womasulira wina, choncho Celeste yemweyo ndi amene anauza amayi ake mawu aliwonse.

"Akuti makina amawerenga timiyalati pochita kutitenthetsa. Tikatentha timatulutsa kuwala, kochuluka ngati cheza chinali chochuluka, kochepa ngati chinali chochepa, ndipo makina amayeza kuwalako. Akuti timatulutsa kamodzi kokha. Tikatero timatsala topanda kanthu."

Achemwali anaganiza kaye. "Ndiye kuti moto wa a Severino uja unatiwerenga?"

Celeste anamasulira funsolo, ndipo Dotora anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Akuti inde. Tinanena zonse pamoto paja, koma panalibe makina."

"Ndiye kuti choipacho chinatuluka. Moto unayeretsa."

Apa Celeste sanamasulire. Anayankha yekha. "Unayeretsa timiyala, amayi. Sunayeretse ine."

Dotora anali munthu wabwino. Anatenga pepala, anafunsa Celeste kutalika kwa tebulo, pamene panali mabuku, maola amene anakhala, ndipo anawerengera ife tikuona. Anati ngakhale kakanakhala kachitsulo kamphamvu kaja, iye akuona kuti cheza chake sichikanafika poti n'kuvulaza mwana. Anati akanakhala mwana wake akanamuuza kuti agone tulo. Achemwali anafunsa ngati angalumbire. Dotora anati munthu wa sayansi salumbira popanda muyezo, koma mwayi woti pali vuto ndi wochepa kwambiri. Celeste anayesetsa kuzungulira, koma m'Chichewa zonsezo zinatulukira ku mawu amodzi omwe aja oti "mwina." Ndinaona achemwali akutenga chosungunuka chawo, akuchikulunganso pa kansalu mosamala ngati dzira, ndipo ndinadziwa kuti amva zimene anamva zaka zija amuna atakhala pansi kukambirana za kutsidya kwa khwawa.

Celeste sanachotsedwe sukulu. Anamuletsa kulowa m'laboratoriyo mpaka atachira, analemba kalata yovomera kulakwa, ndipo anamaliza maphunziro ake mochedwa ndi chaka chimodzi. Miyezi yoyembekezera ija inali yaitali kwa tonsefe. Madokotala anamujambula kangapo n'kunena kuti zonse zili bwino, koma Celeste mwini wake ndi amene anatiphunzitsa kuti zina zimabisala zaka. Achemwali anaonda kuposa mwini mimba. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo kwa amayi onse amene anali pamoto paja, kuwafunsa mmodzimmodzi ngati anaona kuwala kulikonse pamene pulasitiki inkasungunuka, ndipo ngati anaona, kunali kwakukulu bwanji. Celeste anawauza kuti kuwalako maso sangakuone, makamaka masana dzuwa likuswa mtengo, pakati pa malawi. Anamva, koma sanasiye. Ena anati anaona utsi basi. Mayi wina wokonda kukometsa nkhani anati anaona chinthu chobiriwira chikukwera kumwamba, ndipo achemwali anadwala masiku anayi. A Severino anabwera okha kunyumba, anakhala pakhonde chipewa chili m'manja, n'kunena kuti iwo anali atatsinzina akupemphera.

Mwana anabadwa mwezi wa Novembala, mvula yoyamba itagwa, wamwamuna, ndipo anamutcha Chithokozo. Anamwino atamupereka, achemwali anawerenga zala za m'manja ndi za kumapazi, anamutembenuza, anayang'ana m'makutu, kenako anayambiranso. Zonse zinalipo. Ine ndinatuluka panja kukalira, ndipo sindichita manyazi kunena.

Pano Chithokozo ali ndi zaka zitatu. Celeste amagwira ntchito ku Tete, yoyang'anira makina ojambulira a m'zipatala kuti cheza chisapitirire muyezo, ndipo ndikumva kuti wogwira ntchito akaiwala kuvala dozimetro amaona zakuda. Nthawi yokolola amatumiza mwanayo kuno kwa agogo ake. Ndi mwana wonenepa, waphokoso, wosamva, ndipo wayamba kale kundibera masipoko. Sayenda m'njira. Amadutsa paliponse, m'tchire, m'mizere, m'zitsamba, agogo ake ali pambuyo akukuwa, mpaka nawonso amaponda pamene sanapondepo munthu. Akangotsokomola kamodzi, achemwali amakhala atafika kale pansi pa mango kuti ndiwakweze kupita kuchipatala. Anamwino anatopa nawo, amangowapatsa mpando.

Chosungunuka chija chili m'kachitini mmene amasungira khadi lathu la kumsasa ndi chithunzi chimodzi cha a Zakariya. Munthu wodana ndi zithumwa uja ali ndi kanthu kokulunga pa nsalu kamene salola wina kukagwira. Sindinawasekepo pa zimenezi.

Mwezi wathawu mwanayo anatentha thupi masiku awiri. Anali malungo wamba, anamwa mankhwala, ndipo tsiku lachitatu anali kuthamangitsa nkhuku. Ndinapita masana kukawaona ndipo ndinawapeza pakhonde, kachitini kali pamiyendo, atanyamula chinthu chija kuloza kudzuwa, akuchitembenuza.

"Nikodemo," anatero osandiyang'ana, "iwe unali pafupi tsiku lija. Sunaone kanthu?"

Anali atandifunsa funso limeneli kosawerengeka, ndipo nthawi zonse ndinkanena zoona. Tsiku limenelo ndinatopa, komanso ndinawamvera chisoni kwambiri munthu amene anandibereka kumbuyo kuwoloka malire.

"Ndinaona, achemwali. Ndinkangoopa kunena. Kanali kakang'ono kwambiri, ngati ka chiphaniphani. Kochepetsetsa."

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Kwa kanthawi kochepa nkhope yawo inamasuka, ndipo ndinaona mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri uja. Kenako inabwerera mwakale.

"Ukunama," anatero mofatsa. "Iwe unafika katapsa kale."

Anakulunga kansalu, anatseka kachitini, n'kuitana Chithokozo kuti abwere amugwire pamphumi.